Kutchuna mkono wa galamafoni woyandama pa mpweya: musanagule singano ina, werengani apa

Funso lake limabwera litavala zovala zosiyana koma ndi limodzi. Wina akuti singano ikudumpha ikayandikira pakati pa chimbale. Wina akuti sipika ya kumanzere ikulira mokanda pomwe ya kumanja ili bwinobwino. Wina akuti mkono ukungothawira kunja wokha, osakhudzidwa. Onsewa ali ndi mkono woyandama pa mpweya, ena anaupeza m'katundu wochokera ku Joni kapena ku UK, ena anadzipangira ndi aluminiyamu ataonera pa YouTube, ndipo pafupifupi onse amandifunsa atasankha kale katiriji yatsopano yoti agule (katiriji ndi kabokosi konyamula singano kumapeto kwa mkono). Ndalemba pano kuti wofunsa mawa ndizingomutumizira. Ine ndili ku Kasungu, choncho ndikulankhula za nyumba ya malata, ya fumbi la mu Okutobala ndi magetsi othimathima.

Timvetsetsane kaye chinthucho. Popanga chimbale, singano yodula mizere imayenda mowongoka kuchokera m'mphepete kulunjika pakati. Mkono wamba, uja womangika pa nsonga imodzi, umayenda mokhota, ndiye singano yake imagwirizana ndi mzere pa malo awiri okha. Mkono woyenda mowongoka umatsata njira ya wodula uja. Koma mkono wonsewo uyenera kukokedwa ndi kasingano kopanikiza magalamu 2 okha, choncho zitsulo zikamakhulana zinthu sizingayende. N'chifukwa chake amauyandamitsa: pampu imakankha mpweya m'timabowo ting'onoting'ono, gawo loyenda n'kukhala pamwamba pa mpweyawo osakhudza linzake. Gawo losayendalo ndizilitchula njanji, loyendalo ngolo. Kachitsulo kowonda konyamula singano pansi pa katiriji ndizikatchula kandodo.

Munaonapo dontho la madzi pa chiwaya chotentha kwambiri, mmene limathamangira uku ndi uku chifukwa lakhala pa nthunzi yake? Mkono uwu uli chomwecho. Chilichonse chomwe mkono wamba umabisa, kupendekeka kwa tebulo, kuuma kwa waya, kugunda kwa pampu, uwu umachionetsa poyera. Katiriji nthawi zambiri imakhala yosalakwa.

Konzekerani izi: kasikelo ka digito koyeza mpaka 0.01 ya galamu, levulo ya amisiri omanga, ma Allen key, kagalasi kodziyang'anira kopyapyala, katoni yolimba, lula yachitsulo, isopropyl alcohol, paipi ya thanki ya nsomba yokwana mamita 5 mpaka 10, chigubu cha malita 5, sefa ya petulo ya njinga yamoto yatsopano ndi malegeni.

1. Dziwani mtundu wa mkono wanu ndi pulesha yomwe umafuna

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wotsekeka: chitsulo chozungulira chimalowa m'chibowo cha chinzake, mpweya n'kuchizinga mbali zonse. Eminent Technology ET-2 ya Bruce Thigpen wa ku Florida ili m'gulu ili, ndipo yoyambirira ija imayenda pa pulesha ya pafupifupi 3 psi. Kuzma Air Line ya ku Slovenia nayo ndi yotsekeka koma imafuna 4 bar, yomwe ndi pafupifupi 60 psi, ndipo imabwera ndi kompuresa yakeyake. Wachiwiri ndi wotseguka: aluminiyamu yopindika ngati V itakhala pa inzake yobooledwa timabowo. Umenewu ndiye maganizo a Poul Ladegaard wa ku Denmark omwe odzipangira ambiri amatengera, ndipo Trans-Fi Terminator ya ku UK imagwira ntchito mofananako. Mtundu uwu umakhutira ndi pampu ya thanki ya nsomba, umafuna mpweya wochuluka koma wa pulesha yochepa.

Musasakanize. Pampu ya nsomba siyingadzutse mkono wa 4 bar, ndipo kompuresa yaikulu pa mkono wotseguka imangouluzira ngolo m'mwamba.

2. Konzani mpweya usanafike pa mkono

Pampu ya nsomba siyiuzira mosalala. M'kati mwake muli kamphira komwe kamagunda motsatira magetsi athu a 50 Hz (ka 50 pa sekondi), ndipo kugundako kumayenda m'paipi mpaka pa singano. Mankhwala ake ndi chigubu. Boolani malo awiri, lowetsani mavavu a chubu cha njinga mutachotsa timitima take, matani bwino kuti pasatuluke mpweya. M'katimo ikani thonje la pulasitiki lija la m'mapilo, mosapanikiza. Thonje lenileni ayi, limathothoka n'kukatseka timabowo. Mpweya uchoke pa pampu, ulowe m'chigubu, utuluke mbali inayo, udutse mu sefa ya petulo, kenako upite ku mkono. Sefayo ikhale pafupi ndi mkono ndipo kamuvi kake kaloze komwe mpweya ukupita.

Chigubu cha pulasitiki n'cha pulesha yochepa yokha. Ngati mkono wanu ndi wa 4 bar, pamafunika thanki yachitsulo yopangidwira ntchitoyo, ndi kabotolo kotchera madzi. Musayesere.

Pampu ikhale chipinda china, yolendewera pa malegeni kuti isagwedeze pansi kapena khoma. Paipi yaitali siyiononga kanthu, imathandizira kusalaza mpweya, bola muyikweze m'khoma poti makoswe asayipeze.

Funso lomwe silisowa: nanga kompuresa ya filiji, ija amapopera matayala pamsika? Imalira pang'ono, inde, koma imalavula mafuta pamodzi ndi mpweya. Mafutawo akalowa m'njanji amagwira fumbi, timabowo n'kufa. Popanda zosefera mafuta zenizeni, isiyeni.

Za madzi: mpweya ukapanikizidwa umatentha, ukamazizira m'paipi umasiya mame. Kuyambira Disembala mpaka Malichi muziona m'paipi kawirikawiri. Chigubu chikhale pansi kuposa mkono kuti madzi azitsalira mmenemo, ndipo muzichikhuthula.

Kuyeza pulesha sikufuna geji yodula. Pa mkono wotseguka, pindani paipi yoonekera ngati U, thiranimo madzi, lumikizani mbali imodzi ku paipi ya mpweya. Kusiyana kwa masentimita 70 pakati pa mbali ziwirizo ndi 1 psi. Pa ET-2, geji ya makina akale oyezera BP imakwanira, chifukwa imafika 300 mmHg ndipo 3 psi ndi pafupifupi 155 mmHg. Yezerani pafupi ndi mkono, osati pa pampu.

Ngati mpweya wachuluka, musafinye paipi kuti muuchepetse, pampu imatentha ndipo kamphira kamang'ambika msanga. Ikani kavavu ka nthambi kotayira wotsalawo kunja, kutali ndi galamafoni.

3. Pampu ndi galamafoni zidye magetsi amodzi

Apa m'pomwe tindodo tambiri timathyokera kuno kwathu. Galamafoni ili pa inveta, pampu ili chipinda china pa soketi ya m'khoma. Magetsi akathima mpweya umatha, ngolo imakhala pansi n'kuuma gwa, koma chimbale chikuzungulirabe ndi kukoka singano. Zonse ziwiri zikhale pa gwero limodzi, kuti chimodzi chikaima chinzake chiimenso. Chigubu chija chimakupatsani timasekondi toti platter, chozungulira chomwe chimbale chimakhalapo, iime mpweya usanathe.

Inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimaliritsa pampu ndi mota yomwe. Ndipo ngati pampu inachokera ku America, ndi ya 120 V ndi 60 Hz. Pa 230 V yathu imapsa nthawi yomweyo, ndipo ngakhale mutayiikira thiransifoma siyiuzira monga inkachitira kwawo. Kugula ina ku Lilongwe n'kwabwino kuposa kulimbana nayo.

4. Tsukani njanji ndi ngolo

Vundikirani singano, chotsani ngolo mosamala, pukutani zonse ndi isopropyl alcohol pa kansalu kosathothoka, monga kopukutira magalasi a m'maso. Sipiliti wofiirira uja amasiya utoto. Mafuta a mtundu uliwonse, ngakhale a makina osokera, asayandikire. Sandipepa ndi sitiliwulu ayi, chifukwa mpata wa pakati pa njanji ndi ngolo ndi wochepa kuposa tsitsi, mukapala mwaononga.

Yatsani pampu ngolo isanabwerere, yendetsani kaulusi pamwamba pa bowo lililonse. Pomwe ulusi sukugwedezeka patsekeka. Donthezanipo alcohol, dikirani, uziraninso. Musatokose ndi singano yosokera, bowo likakula mpweya umathawira pamenepo n'kuwamana enawo.

5. Levulo ndi mawaya

Malangizo ambiri amangoti "onetsetsani kuti mkono uli levulo" n'kupitirira. Pamenepa m'pomwe pali ntchito yonse, ndiye khalani pansi.

Tiyerekeze kuti ngolo, mkono, katiriji ndi cholemetsa cha kumbuyo zonse pamodzi zikulemera magalamu 80. Njanji ya mamilimita 200 ikatsika mbali imodzi ndi milimita 1 yokha, kandodo kamakankhidwa cham'mbali ndi mphamvu yofanana ndi magalamu 0.4. Limeneli ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera konse komwe singano ikupanikizira chimbale. Singano imatsamira khoma limodzi la mzere, ku linzakelo n'kumangokhudza pang'ono, ndipo kulira kokanda kwa sipika imodzi kuja kumachokera apa. Milimita 1 pa 200 simungayione ndi maso. Kalevulo kozungulira kaja ka m'mapaketi sikayionanso bwino. Chida chokhacho choyezera bwino mkono uwu ndi mkono womwewo.

Yambani ndi pomwe galamafoni yakhala. Shelefu yokhomera kukhoma la njerwa, kapena tebulo lolemera pa simenti. Osati pa kabati yomwe pali masipika. Ngati galamafoni yanu ndi yokhala pa masipuling'i, monga Thorens TD 160 kapena Linn LP12, ndikuuzirenitu kuti mudzavutika: ngolo ikamayenda kulemera kumasuntha, masipuling'i amapendeka, levulo n'kumasintha nyimbo ili m'kati. Mikono iyi imakonda galamafoni yolemera yosagwedera.

Ikani chimbale pa platter, ndi chopanikizira chake ngati mumagwiritsa ntchito, kenako wongolani platter ndi levulo ya amisiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, pogwiritsa ntchito miyendo ya galamafoni. Mukamaliza, miyendoyo musayikhudzenso. Kuchokera pano chilichonse chizisinthidwa pa masikuluwu a pansi pa mkono. Ambiri amawongola mkono potembenuza miyendo, platter n'kupendekanso, n'kumangozungulira pamodzimodzi tsiku lonse.

Yatsani pampu, ipatseni mphindi 10 kapena 15 kuti itenthe ndi kukhazikika. Singano ikhale yovundikira. Sunthani cholemetsa mpaka mkono uyandame wokha, osagwera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo onetsetsani kuti kachitsulo kokwezera mkono sikakuukhudza.

Tsopano chomwe ambiri sachita: masulani mawaya pomwe amamangika kunja kwa ngolo, akulungeni, muwagoneke pa ngolo pomwepo. Cholinga n'chakuti pasakhale chilichonse cholumikiza ngolo ndi dziko lakunja. Tsekani mawindo, zimitsani fani, ana atuluke kaye. Ikani ngolo pakati pa njanji, chotsani chala mowongoka m'mwamba osaikankha, ndipo musapumire pamenepo. Yang'anani.

Ikayamba kutsetsereka, mbali yomwe ikupitayo ndiyo yatsika. Tembenuzani sikuluwu pang'ono kwambiri, gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira kumodzi. Ngati mkono wanu ulibe masikuluwu otero, lowetsani timapepala pansi pake. Pepala la fotokope ndi lokhuthala pafupifupi 0.1 ya milimita, ndipo mudzadabwa kuti limodzi lokha limasintha zinthu. Bwerezani mpaka ngolo izikhala pomwe mwayisiya.

Musakhutire ndi pakati pokha. Yesani malo atatu: poyambira chimbale, pakati, ndi pothera. Zomwe ngolo ichite zikuuzani vuto:

Ikamapita mbali imodzi pa malo onse atatu, ndi levulo basi, pitirizani kuwongola. Ikamachoka m'mbali zonse ziwiri kubwerera pakati, kapena kuthawa pakati kupita m'mbali, njanji ndi yopindika, kapena mpweya sukutuluka mofanana m'timabowo. Pa njanji yodzipangira izi zimachitika kawirikawiri, makamaka ngati masikuluwu oyimangira anakungidwa mopitirira. Amasuleni pang'ono muone. Ikamaima mwadzidzidzi pa malo amodzimodzi, pali chinyalala, bowo lotsekeka, kapena pulesha yachepa. Bwererani ku gawo 4.

Ikakhazikika, iuzireni pang'ono ndi pakamwa kupita kumanja, kenako kumanzere. Iyende mtunda wofanana mbali zonse, ndipo iziima pang'onopang'ono. Kenako kungani masikuluwu otsekera, muyesenso, chifukwa kukungako kumasuntha levulo nthawi zambiri. Kungani mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko.

Tsopano bwezerani mawaya. Chilichonse chomwe chisinthe kuyambira pano ndi mlandu wa mawaya, ndipo levulo musayikhudzenso ngakhale mtima ukuuzeni. Cholakwa chachikulu chili apa: munthu akaona waya akukokera ngolo kunja, amapendeketsa njanji kuti ilimbane naye. Pa malo amodzi zimaoneka ngati zatheka. Koma kupendekeka kumakankha mofanana ponseponse, pomwe waya amakoka mosiyana malinga ndi pomwe ngolo yafika. Poyambira chimbale zikhala bwino, pofika nyimbo yomaliza waya wakungika ndipo singano ikudumpha. Ndilo funso loyamba lija.

Mawaya azikwera m'mwamba kuchokera pa ngolo, n'kumangika pa kamtengo komwe kali pamwamba pa theka la ulendo wa ngolo, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa njanji. Akhale okhwefuka, olendewera mwaufulu, osakhudza kanthu pa ulendo wonse. Asapotedwe mothina, waya wopotedwa amafuna kudzimasula ndipo amatembenuza mkono. Ngati ngolo ikukokedwa kunja, sunthirani kamtengo chakum'kati pang'ono, ngati ikukokedwa m'kati sunthirani kunja. Yesaninso malo atatu aja. Kukoka pang'ono kofanana kumapeto onse awiri n'kovomerezeka, chifukwa waya wopanda mphamvu konse kulibe.

Ngati mawaya ndi okhuthala, okutidwa ndi pulasitiki yolimba, simudzapambana. Pulasitiki yotere imauma m'mamawa wa mu Juni n'kufewa masana a mu Okutobala, mkono n'kumasintha khalidwe ndi nyengo. Asintheni. Timawaya ta m'kati mwa mahedifoni akufa ndi tofewa kwambiri ndipo timagwira ntchito, bola muwotche utoto wa kunsonga ndi soda yowotcherera mawaya (solder) musanalumikize. Mitundu yake pa katiriji ndi iyi: woyera kumanzere, wabuluu ndi mnzake wobwerera, wofiira kumanja, wobiriwira ndi mnzake wobwerera. Wotcherani pa timakilipu titachotsedwa, osati pa timapini ta katiriji, kutenthako kumadula timawaya ta m'kati. Pa mikono yomwe mpweya umalowera ku ngolo, kapaipi kake kachitireni zomwezi, padera, musanabwezere mawaya.

Thabwa la shelefu kapena tebulo limafufuma mvula ikayamba, n'kunyala m'chilimwe. Muzibwereza gawo lino kawiri pa chaka, ndiponso nthawi iliyonse galamafoni ikasunthidwa.

6. Singano iyende pa mzere wolunjika pachikhomo

Dulani katoni, boolani bowo la mamilimita 7.2 loti lilowe mothina pa chikhomo cha pakati pa platter. Kuchokera pakati penipeni pa bowolo jambulani mzere wowonda wowongoka, ikani chizindikiro pa mamilimita 60 ndi pa 146, omwe ndi mapeto a mizere ya nyimbo pa chimbale chachikulu. Tsekerani platter ndi kapepala kuti isazungulire. Tsitsani singano pa 146, tembenuzani katoni mpaka nsonga ikhale pa mzere, kwezani, pitani pa 60, tsitsaninso. Ikagwera kutsogolo kapena kumbuyo kwa mzere, talikitsani kapena fupikitsani mkono, kapena sunthani katiriji m'timipata take, n'kubwereza mpaka malo onse awiri agwirizane katoni isanasunthidwe.

Mukalakwitsa apa, singano imakhala yopendeka pa chimbale chonse, kuposa mkono wamba womwe umalondola malo awiri. Yang'ananinso kuti kandodo, osati thupi la katiriji, kapingasa mzerewo bwinobwino. Tindodo tina timabadwa tokhota pang'ono.

7. Kulemera, kutalika ndi kuima kwa singano

Yezani kulemera pampu ikuyenda, sikelo ili pa msinkhu wa chimbale. Tsatani zomwe opanga ananena, ndipo tsamirani chakumtunda. Audio-Technica AT-VM95E imafuna magalamu 1.8 mpaka 2.2, Denon DL-103 imafuna 2.5. Singano yopepuka mopitirira ndiyo imaononga zimbale chifukwa imagundagunda m'makoma a mzere.

Kutalika: mkono ukhale wofanana ndi chimbale mukauyang'ana m'mbali. Yezani poyambira ndi pothera. Ngati kukusiyana, platter ndi njanji sizinagwirizane, bwererani ku gawo 5. Mikono yaifupi ngati ya mtundu wotseguka imamva msanga kusiyana kwa chimbale chopyapyala ndi chokhuthala, choncho tcherani pa zimbale zomwe mumaimba kawirikawiri.

Kenako ikani kagalasi pa platter, tsitsani singano, yang'anani kutsogolo. Singano ndi chithunzi chake zipange mzere umodzi woongoka. Anti-skate, kachipangizo kokokera mkono wamba chakunja kuti usathawire m'kati, pa mkono uwu kulibe ndipo siyifunika. Wina akakuuzani kuti mupendeketse njanji m'malo mwake, mumvereni chisoni.

8. Katiriji yogwirizana, ndi zosintha zoyenera ndalama

Kandodo kali pa kamphira kofewa, mkono ndi wolemera, ndiye ziwirizi zili ndi liwiro lomwe zimagwedezeka pazokha, resonance. Timafuna likhale pakati pa 8 ndi 12 Hz, pamwamba pa kupindika kwa zimbale, pansi pa nyimbo. Kuwerengera kwake: chulukitsani kulemera m'magalamu ndi kufewa kwa katiriji, nambala yomwe opanga amayitcha compliance, pezani square root, ndipo gawani 159 ndi yankholo.

Mkono wamba uli ndi kulemera kumodzi. Uwu uli ndi kuwiri. Pokwera ndi kutsika, singano imangomva mkono ndi katiriji, tinene magalamu 20. Poyenda cham'mbali imakoka ngolo yonse, magalamu 80 aja. Ndi katiriji ya compliance 12, mupeza pafupifupi 10 Hz m'mwamba ndi 5 Hz m'mbali. Zimenezo zimapiririka. Ndi katiriji yofewa ya 25, m'mbali mumatsika kufika 3.6 Hz, ndipo mudzaona ndi maso kandodo kakuvina uku ndi uku. Choncho ma Shure V15 akale aja, ngakhale ndi abwino, asungireni mkono wopepuka. Chenjerani ndi manambala a ku Japan: ambiri amayeza pa 100 Hz, ndiye 5 ya DL-103 muyichulukitse pafupifupi kawiri musanawerengere.

Zosintha zomwe ndimalimbikitsa, motsatana: chigubu chachiwiri, mawaya ofewa, kenako kupepuza ngolo. Pa ET-2 cholemetsa chimakhala pa kamtanda komangika ndi kasipuling'i kopyapyala, kuti singano isamakoke kulemera kwake konse cham'mbali. Ikani zolemetsa zochepa kumapeto kwa kamtandako m'malo mwa zambiri pafupi, ndipo kasipuling'i kamodzi n'ka makatiriji ofewa, tiwiri kapena titatu n'ta olimba. Pa mkono wodzipangira, fupikitsani ngolo pokhapokha ngati ikhalabe ikuphimba timabowo tokwanira kuyinyamula.

Kamphika ka mafuta a silicone komwe kapalasi ka pa ngolo kamayendamo kamatontholetsa kuvina kwa m'mbali. Kapalasi kangokhudza pamwamba pa mafuta. Koma kuno mphepo ya mu Ogasiti ikangoyamba, mafutawo amasanduka phala la fumbi, ndipo dontho limodzi likagwera pa njanji mwayambanso kutsuka. Ine ndimati kasiyeni pokhapokha muli ndi chivundikiro chabwino.

Kukweza pulesha ndaika kumapeto dala. Tsitsani mpaka ngolo iyambe kukhula, kwezani mpaka iyandame ulendo wonse, onjezerani pang'ono, lekerani pomwepo. Kupitirira pomwe njanji inapangidwira kumangobweretsa mluzu ndi mphepo yowomba pa chimbale. Kuti mumve ngati pampu ikulowa m'nyimbo, tsitsani singano pa chimbale chosazungulira, kwezani voliyumu pang'onopang'ono, wina azimitse pampu. Kung'ung'udza kukatha, ndi pampu. Muuzeni ayiyatse n'kuyinyamula m'manja, kukachepa ndiye kuti kumadutsa m'khoma kapena pansi, kukapanda kuchepa onjezerani chigubu. Kukapitirira pampu itazima, fufuzani waya wa ethi.

Sinthani chinthu chimodzi, mverani chimbale chimodzimodzi, lembani m'kope. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chathandiza.

9. Zimbale za 45 ndi mabowo osakhala pakati

Ambiri a ife, makamaka a ku Mchinji kufupi ndi Chipata, tili ndi milu ya timbale ta 45, tating'ono tozungulira ka 45 pa mphindi, tomwe makolo ankabwera nato kuchokera ku Zambia, tina todindidwa ndi Teal ku Ndola. Tambiri mabowo ake anakula ndi zaka, tina tili ndi bowo lalikulu lofuna adaputa. Chimbale chikakhala chosalunjika pakati, ngolo yonse imakankhidwa kupita ndi kubwerera pa kuzungulira kulikonse, ka 0.55 pa sekondi pa liwiro la 33 la zimbale zazikulu, ka 0.75 pa liwiro la 45. Pa 45 mphamvu yomwe kandodo kamamva imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo mawu amakwera ndi kutsika ngati woimba waledzera.

Musanaimbe, zungulitsani platter ndi dzanja singano ili m'mwamba, yang'anani mzere wakunja poyerekeza ndi nsonga ya singano. Pomwe mzere watulukira kwambiri, imitsani, kankhirani chimbale m'kati theka la mtunda womwe chikusewera, yesaninso. Adaputa yokhwefuka pang'ono imathandiza apa kuposa yothina. Mukapeza malo ake, ikani kadontho ka pensulo pa lebulo kuloza mbali yomwe mwakankhira, kuti tsiku lina musavutikenso. Pa zimbale zazikulu ena amakulitsa bowo ndi tupa wozungulira. Chitani zimenezo pa chimbale wamba chokha; za ku Zambia za m'ma 1970 osonkhanitsa akunja akuzifuna pa mtengo wabwino, ndipo bowo lopalidwa limagwetsa mtengowo. Chomwe chikusewera kuposa milimita 1 ndipo sichikutheka kuwongola, kachiimbireni pa mkono wamba.